NumPy, pandas ndi SciPy: kodi mwana ayambire pati?

Ana athu ambiri a ku Kanyama, Matero ndi Chawama akatsiriza Giredi 12 ayamba kuphunzira Python, cinenero ca kompyuta cimene Guido van Rossum anatulutsa mu 1991. Colinga cao ndi kupeza nchito yosanthula ziwerengero. Tsiku lina titaweruka ku katekisimu mnyamata wina anatifunsa kuti, "A Katekisiti, ndamva za NumPy, pandas ndi SciPy. Ndiike citi, popeza bando yanga ndi yocepa?" Ife tinaphunzira Cilatini ku seminale, osati makompyuta, motero tinakhala naye pansi masabata angapo mpaka tinamvetsa.

Zonsezi ndi zida zimene ena analemba kale, ndipo munthu amaziwonjezera pa Python kwaulere. NumPy ndiye maziko. Travis Oliphant anaitulutsa mu 2006. Imasunga manambala m'mizere ndi kuwawerengera onse pamodzi mofulumira, koma imafuna zinthu za mtundu umodzi. Mukasakaniza maina ndi zaka za anthu, manambalawo amasanduka mau, ndipo simungathe kuwaonkhetsa.

Apa ndipo pamalowera pandas, imene Wes McKinney anayamba mu 2008. Dzinali si la cimbalangondo cija ca ku China ai, linacokera ku mau a akatswiri a zacuma. Ganizirani buku la ubatizo ku parishi: danga la dzina, danga la tsiku, danga la komboni. Pandas imagwira tebulo lotere, danga lililonse ndi mtundu wake, ndipo imatsegula mafayilo a Excel ndi CSV. Inamangidwa pamwamba pa NumPy, motero mukaika pandas, NumPy imabwera yokha.

Pali kusiyana kumodzi kumene tifuna makolo ndi ana amvetse bwino. Tonse tikumbukira kolera ya mu 2017 ndi 2018 imene inavuta kwambiri ku Kanyama, ndiponso ya mu 2024 pamene odwala anagonekedwa ku Heroes Stadium. Tiyerekeze kuti mwana wapatsidwa ziwerengero za odwala, koma ciliniki cimodzi sicinatumize lipoti Lacitatu. Akapempha NumPy avareji, imayankha "nan", kutanthauza kuti pali cosowa. Pandas imalumpha malo opanda kanthuwo mwakacetecete ndi kupereka yankho looneka bwino. Akaipempha kuonkhetsa, tsikulo lidzaoneka ngati odwala acepa, pamene lipoti ndiye linasowa. Wotumiza madzi abwino ndi klorini akadalira nambala imeneyo, komboni ina idzamanidwa. Ndiye cifukwa cake tinauza mnyamata uja kuti asanawerengere ciliconse, ayambe waona mipata yopanda kanthu ndi lamulo lochedwa isna.

Za SciPy sitinena zambiri. Ndi ya masamu akuya, monga kuyesa ngati kusiyana kwa magulu awiri kwangocitika mwangozi, ndipo woyamba angaidikire. Matplotlib, ya John Hunter mu 2003, ndi yojambula magirafu cabe.

Nanga bando? Anaconda imabweretsa zonsezi pamodzi koma ndi yaikulu, mamegabaiti mazana ambiri. Mnyamata uja anaika Python yokha, kenaka pandas ndi Matplotlib pogwiritsa nchito pip. Tsopano akuyeserera pa zopereka za timipingo tating'ono ta m'parishi mwathu, maina a anthu atacotsedwa, ndipo wapeza kale miyezi itatu imene mlembi sanalembe kanthu.