Kodi mwana wa katumbu amapita kusikelo?

Mnyamata wina wa ku Kande, ataona katumbu akuba nsomba mu ukonde, anandifunsa kuti akatswiri amadziwa bwanji ngati mwana wa nyama ya m'madzi wanenepa kapena wawonda. Kale inenso zinkandizunguza, poti ubweya umabisa nthiti.

Njira yake ndi ya kusikelo ya ana ija. Kumagombe ngati a Cape Cross ku Namibia, komwe nyama zotchedwa seal zimaswana mu Novembala ndi Disembala, mwana amamuyeza kulemera, kutalika kuchokera kumphuno mpaka kumchira, kenako amamukulunga tepi pachifuwa. Kulemera pakokha sikunena zambiri. Koma akakhala wamtali n'kupepuka, ndiye kuti mkaka ukumuchepera. Ena amaika makina a sikani pakhungu n'kuona kuchindikala kwa mafuta osamucheka. Mafutawo amathandiza kumuteteza kumadzi ozizira, ndiponso amamusunga mayi ake akapita kokasaka chakudya kwa masiku angapo.

Katumbu wathu alibe mafuta ochindikala chotero. Amadalira ubweya wothithikana. Kwa iye ndi sikelo ndi tepi basi, ngati mwatha kumugwira, chifukwa amaluma koopsa.