Pamene a U2 Anazimitsa Magetsi Nayimbanso Nyimbo Zawo Zakale

Pa 17 Malichi 2023, tsiku limene anthu a ku Ireland amakumbukira Patrick Woyera, nkhoswe ya dziko lawo, gulu loyimba la U2, limene kwa zaka zoposa 40 lakhala likugwedeza mabwalo akuluakulu a zamasewero ndi magitala amagetsi ndiponso ng'oma zogonthetsa m'khutu, linatulutsa chimbale chotchedwa Songs of Surrender, m'mene munalibe nyimbo yatsopano ngakhale imodzi. Anasankha nyimbo zawo zakale 40, nazivula phokoso lonse, naziyimbanso motsitsa mawu, zambiri ndi gitala yopanda magetsi kapena piyano, ngati akuyimbira munthu mmodzi amene wakhala nawo pafupi.

Amuna amenewa anadziwana ali ana asukulu ku Mount Temple, mumzinda wa Dublin, m'chaka cha 1976, pamene Larry Mullen Jr., mnyamata wa zaka 14 wokonda ng'oma, anapachika kapepala pasukulupo kuitana anzake ofuna kuyimba. Mwa amene anadza munali Adam Clayton, woliza besi, David Evans, amene dziko limamutcha the Edge, ndi Paul Hewson, ndiye Bono, amene ambiri kuno kwathu anayamba kumva dzina lake pa nkhondo ya Jubilee 2000 yopempha kuti ngongole za maiko osauka zikhululukidwe. Chimene chinawasiyanitsa ndi magulu ena chinali kalizidwe ka the Edge, pakuti iyeyu amakhudza nsambo zowerengeka chabe, koma kulira kwake kumadutsa m'makina okubwereza, kotero kuti chala chikakhudza kamodzi khutu limamva kangapo, ndipo munthu mmodzi amadzaza bwalo lonse. Tsono kuchotsa makina amenewa kunali kuchotsa chizindikiro chenicheni cha gululi, ndipo chozizwitsa n'chakuti amene anatsogolera ntchito yochotsayo anali the Edge mwini wake.

Mpata unapezeka chifukwa cha mliri wa Covid-19, umene unatseka mabwalo nukhazika oyimba m'nyumba zawo. M'masiku omwewo Bono anali kulemba buku la mbiri ya moyo wake, limene linatuluka mu Novembala 2022, lokhala ndi mitu 40, mutu uliwonse wotchedwa dzina la nyimbo. Ndipo chimbalecho chinadza ngati mnzake wa bukulo, chitagawidwa zigawo zinayi, chigawo chilichonse chonyamula dzina la mmodzi wa oyimbawo. Nyimbo yotsiriza ndi imene dzina lake ndi "40", ya m'chaka cha 1983, yochokera m'Salmo 40, salmo la munthu amene anayembekeza Yehova moleza mtima napatsidwa nyimbo yatsopano.

Koma chifukwa chachikulu, monga ndikuonera ine, chili pammero pa woyimba. Bono anabadwa m'chaka cha 1960, ndipo mayi ake, a Iris, anamwalira iye ali ndi zaka 14. Chisoni chimenecho ndicho chinabala nyimbo ya "I Will Follow", imene inatsegula chimbale chawo choyamba mu 1980, nyimbo yothamanga, yofuula, ya mnyamata amene sanadziwe kolozera mkwiyo wake. Munthu wa zaka 62, amene waika m'manda bambo ake omwe, nalera ana ake anayi kufikira atakula, sangafuule chimodzimodzi popanda kunama, ndiponso mawu ake anatsika nakhuthala, monga amachitira mawu a aliyense pamene imvi zayamba. Chotero anatsitsa nyimbo zambiri kuti zifike pamene mawuwo ali lero, ndipo pamene kale womvera ankatengeka ndi liwiro osasamala zimene zikunenedwa, tsopano liwu lililonse limaima poyera, lokoma ndi losakoma lomwe.

Apa ndi pamene Bono anatenga cholembera nayamba kukonza. Nyimbo ya "Pride", ya mu 1984, yolemekeza Martin Luther King Jr., inkati mbusayo anawomberedwa m'mamawa, chonsecho pa 4 Epulo 1968 chipolopolo chinamupeza madzulo pa khonde la Lorraine Motel ku Memphis. M'chimbale chatsopano nthawiyo yakonzedwa, ndipo palibe angadandaule. Nkhani ya "Walk On" ndiyo yolemera. Inalembedwa m'chaka cha 2000 kulimbikitsa Aung San Suu Kyi wa ku Myanmar, amene asilikali anamutsekera m'nyumba mwake zaka zambiri. Koma mayiyo atalowa m'boma, ndipo mu 2017 asilikali atasakaza midzi ya Arohingya iye osawadzudzula, a U2 anagwidwa ndi manyazi, ndipo nyimboyo anaipatsa mawu atsopano naipereka kwa anthu a ku Ukraine, amene anali pa nkhondo. Pa 8 Meyi 2022 Bono ndi the Edge anafika ku Kyiv nayimba m'siteshoni ya sitima zapansi pa nthaka, m'mene anthu ankabisala mabomba. Mtima wawo ndimaumvetsa. Komabe ndimafunsa ngati nyimbo imene anthu zikwizikwi anaiyimba pamodzi, nalira nayo, ikali ya woipeka yekha kuti aisamutse kuchoka kwa munthu wina kupita kwa wina, pakuti akulu anati madzi akatayika saoleka.

Njira imeneyi sanaiyambe iwo. Wailesi yakanema ya MTV inayamba pulogalamu ya Unplugged mu 1989, ndipo kumeneko Eric Clapton mu 1992 anasandutsa "Layla" kukhala nyimbo yoyenda pang'onopang'ono, gulu la Nirvana nalonso linajambula lake ku New York mu 1993. Awo anayimba pamaso pa anthu, tsiku limodzi, zolakwika zili momwemo. A U2 anasula zawo mosafulumira, popanda wowaombera m'manja, ndipo mwina n'chifukwa chake zina zimamveka zozizira.

Kunena zoona, nyimbo 40 zachuluka. Zimene zinamangidwa pa mawu ndi maimbidwe, monga "One" ndi "Every Breaking Wave", zapirira kuvulidwako, ndipo "Stories for Boys", imene the Edge wayimba yekha ndi piyano, yaposa ya paubwana wawo. Koma "Where the Streets Have No Name", ya mu 1987, ulemerero wake unali gitala ija yokwera pang'onopang'ono kufikira bwalo lonse litaimirira, ndipo popanda iyo yatsala ngati nyumba yosasulidwa denga. Olemba nkhani za nyimbo anagawanika, ena nanena zofanana ndi mwambi uja wakuti tsabola wakale sawawa. Ngakhale zinali tero, chimbalecho chinakwera pamwamba pa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku Britain.

Chaka chomwecho chisanathe, mu Seputembala, anayatsanso magetsi natsegula holo yatsopano ya Sphere ku Las Vegas ndi phokoso lawo lakale, koma Larry Mullen, amene anapachika kapepala kaja, anali kuchira atachitidwa opaleshoni, ndipo pa ng'oma panakhala Bram van den Berg wa ku Netherlands.