GULUU WAMPHAMVU SI NDIYE WOYENERA

KABWE: Nthawi ya zionetsero za JETS ikayandikira, ana a sukulu ambiri amayamba kutola zinthu zoyera zopepuka zija zimene zimatetezera mawailesi ndi mafiriji m'makatoni. Cinthu cimeneci, cimene dzina lace ndi polystyrene, amacidula ndi mpeni ndi kumanga naco zifanizo zazing'ono za mapiri, nyumba ndi milatho.

Makalabu a JETS anayamba m'Zambia m'caka ca 1968 ndi colinga cakuti ana aphunzire sayansi ndi manja ao, osati m'mabuku mokha ai. Ndipo mwana wa m'Kabwe sangasowe cofanizira. Pali mgodi wa Broken Hill, kumene anafukula cigaza ca munthu wamakedzana mu 1921, pali njanji imene inafika kuno mu 1906, pali damu la Mulungushi, ndiponso mkuyu waukulu uja wa pakati pa tauni.

Koma nchito ya masabata ambiri ingathe kuonongeka m'kamphindi kaamba ka kusankha guluu wolakwika.

CIFUKWA CACE

Polystyrene ndi pulasitiki yodzala ndi mpweya. Pa magawo 100 a kukula kwace, pafupi-fupi magawo 98 ndi mpweya wokha-wokha, wotsekeredwa m'timipira tating'ono. Ndico cifukwa cace imapepuka cotere.

Tsono guluu wa fungo lamphamvu, monga uja amagwiritsa nchito osoka nsapato ndi omata zigamba pa macubu a njinga, ali ndi mankhwala osungunula pulasitiki imeneyi. Mukangompaka, timipira tija timaphwa, ndipo pamene panali phiri pamatsala dzenje lonanda. Petulo, mankhwala osungunulira penti ndi penti wopopera wa m'zitini zimacita cimodzi-modzi. Nayenso Super Glue amadya malo amene wagwerapo, ndipo guluu wosungunula ndi magetsi akatentha kwambiri amaboola.

Kuonjezera apo, fungo la guluu wotere limazunguza mutu ndi kuononga thanzi la mwana, makamaka m'cipinda cotseka mazenera.

GULUU WA AKALIPENTALA

Guluu woyenera ndi uja woyera ngati mkaka amene akalipentala amalumikizira matabwa, wochedwa PVA. Iyeyu ndi wosakaniza ndi madzi, motero sadya polystyrene, alibe fungo loopsa, ndipo amacoka m'manja ndi madzi ngati asanaume.

Bvuto lace ndi limodzi: amacedwa kuuma. Thabwa limamwa madzi a m'guluu, koma polystyrene siimwa madzi, cotero guluu wa pakati pa zidutswa ziwiri zazikulu angathe kukhala wauwisi kwa masiku angapo. Cifukwa ca ici, pakani pang'ono cabe, dikirani kufikira ayambe kunanda, ndipo mukagwirizanitsa zidutswazo zibayeni ndi timitengo tosongola kuti zisasunthe. Sanjikani buku lolemera pamwamba ndi kuzileka tsiku lathunthu kapena awiri. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Guluu yemweyu, mukamsungunula ndi madzi pang'ono ndi kumpaka pa cifanizo conse, amasanduka khungu lolimba limene penti wa madzi amagwirapo bwino. Amene alibe ndalama angaphike phala la ufa wa cinangwa lomatira mapepala pamwamba pa phiri, koma adziwe kuti makoswe ndi mphemvu zimalikonda phala limeneli.

Lamulo lalikulu ndi ili: guluu aliyense kapena penti aliyense wacilendo, yambani mwamuyesa pa kacidutswa kotaya. Ndipo zotsala musazitenthe, pakuti utsi wace ndi woipa m'cifuwa.

DOTHI LA KU MGODI

Pali cenjezo lina lokhudza anthu a m'Kabwe maka-maka. Kuti cifanizo cioneke ceni-ceni, ana amawaza dothi kapena mcenga pa guluu wauwisi. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma mtovu umene anakumba kwa zaka pafupi-fupi 90 udakali m'nthaka ya madera oyandikana nao monga Kasanda, Chowa ndi Makululu, ndiponso pa mulu wa zotsala za mgodi. Pfumbi la mtovu likalowa m'thupi la mwana limaononga ubongo ndi kubwezera m'mbuyo nzeru zace za m'kalasi.

Mwana wofanizira mgodi asakatape dothi ku mgodiko ai. Utuci wa matabwa wopakidwa penti umaoneka ngati dothi, ndipo utuci wobiriwira umaoneka ngati udzu.

Aphunzitsi ndi makolo, nchito ndi yanu. Pitani ndi mwana kwa kalipentala wa pafupi, akaone guluu woyera ndi kupempha utuci, ndipo mumuthandize kuyamba nchito yace padakali masabata, osati usiku wakuti mawa ndi cionetsero.