Chotupa cha pakhungu la mwana sichifuna mphini

Mayi posambitsa mwana ndiye amayamba kuona chachilendo pathupi lake: kadontho kakuda kumsana, kachotupa kofiira pachipumi, kapena kachilonda kokanika kupola pakhutu. Zambiri mwa izi n'zosaopsa. Kachotupa kofiira kamene madokotala amati hemangioma kamakula msanga m'miyezi yoyamba ya khanda, kenaka kamaphwa kokha pakapita zaka. Kamafuna chithandizo makamaka ngati kali pafupi ndi diso kapena kasanduka chilonda, ndipo kuyambira mu 2008 madokotala amakachiza ndi mankhwala akumwa a propranolol.

Kadontho koyenera kukayikiridwa ndi kamene kakusintha: kakukula mofulumira, kali ndi mitundu ingapo, m'mbali mwake mwayamba kukhotakhota, kapena kakutuluka magazi popanda kukandidwa. Khansa ya melanoma siichitikachitika mwa ana, koma mwana wobadwa ndi chibadwa chachikulu chakuda, chokuta msana kapena ntchafu, ali pachiopsezo choposa anzake. Kwa anthu akhungu lakuda, khansayi imakonda kubisala kuphazi, m'chikhatho ndi pansi pa chikhadabo, malo amene ambiri sawayang'ana.

Nkhawa yaikulu m'chigawo chino ili pa ana achialubino. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi mokha. Khungu lawo lilibe chitetezo chokwanira ku dzuwa, choncho mwana wotumidwa kukaweta mbuzi kapena kukapalira masana amapsa tsiku ndi tsiku. Pamakutu, pamilomo, m'khosi ndi pamikono pamayamba timabala tokhakhala ngati nkhanambo. Timeneti tikapezeka msanga, dokotala amatiumitsa ndi mankhwala ozizira kwambiri a nayitrojeni, ntchito ya mphindi zochepa. Tikalekereredwa, tina timasanduka khansa imene imadya khutu kapena tsaya munthu akadali wachinyamata. Chipewa cha khonde lalikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza ku dzuwa n'zotsika mtengo poyerekeza ndi opaleshoni.

Maso okha sangagamule kuti chotupa ndi khansa. Dokotala amabaya jakisoni wochititsa dzanzi, n'kudula kachidutswa kapena chotupa chonse, n'kutumiza kukapimitsa pa maikulosikopu. Ikapezeka khansa, amachotsanso khungu labwino lozungulira malowo kuti pasatsale muzu, ndipo amafufuza ngati pali mwanabere m'khosi, m'khwapa kapena m'mphechepeche. Bala likakula, amalitseka ndi khungu lotengedwa pantchafu. Chibadwa chachikulu sachichotsa nthawi zonse. Ena amangochiyang'anira, ena amachidula pang'onopang'ono pa maopaleshoni angapo. Ana aang'ono amawagonetsa tulo, n'chifukwa chake amatumizidwa ku zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe kapena Mercy James Centre ku Blantyre, yomwe inatsegulidwa mu 2017.

Chimene chimapweteketsa ana ambiri n'kuchedwa. Makolo ena amayamba atemera mphini, kupaka zitsamba zotentha, kapena kumanga chotupa ndi ulusi kuti chithothoke. Sachita izi mwa nkhanza ayi, ulendo wa kuchipatala uli ndi mtengo wake. Koma bala limalowa matenda, ndipo khansa imapitirira kukula mkati.

Mlangizi wa zaumoyo angathandize ndi rula chabe. Ayeze kadonthoko, alembe kukula kwake ndi tsiku m'buku la kuchipatala la mwanayo, akajambule pafoni ngati makolo avomera, ndipo adzayezenso mwezi ukatha. Chilonda chimene chatha mwezi osapola sichofunikanso kuyeza: mwanayo apatsidwe kalata yopita nayo ku chipatala cha boma.