Nyimbo zakale za Ahindu zidasungika, zipangizo za nsembe zidapsa

Buku la Rigveda, lomwe ndi lakale kwambiri mwa malemba opatulika a Chihindu, lili ndi nyimbo 1,028 zogawidwa m'zigawo 10. Akatswiri ambiri amati nyimbozi zidapekedwa m'Chisanskrit chakale zaka zoposa 3,000 zapitazo m'dera la Punjab. Kwa nthawi yaitali sizidalembedwe. Mphunzitsi ankangozipatsira mwana wa sukulu pakamwa.

Zambiri mwa nyimbozi zimatamanda milungu monga Indra ndi Agni, mulungu wa moto. Koma chodabwitsa n'chakuti zina zimaimbira zipangizo zenizenizo. Pali nyimbo yolankhula ndi mtondo ndi munsi, ina yolemekeza mtengo womangirapo nyama ya nsembe, ndiponso zingapo zotamanda miyala yofinyira chakumwa chopatulika chotchedwa soma, ngati kuti miyalayo ndi ansembe amoyo.

Chipangizo chilichonse chidali ndi mtengo wake. Chipande chotchedwa juhu, chothirira batala wosungunula pamoto, chinkasemedwa ku mtengo wa palasha, pamene chipande chaching'ono chotungira, sruva, chinkachokera ku mtengo wolimba wa khadira.  Moto ankaupeka ndi timitengo tiwiri totchedwa arani.

Mwini moto wa nsembe akamwalira, malamulo a mwambo ankati zipangizo zake zamtengo ziikidwe pa thupi lake, juhu m'dzanja lamanja, n'kutenthedwa pamodzi ndi mtembowo. Panalibenso akachisi kapena mafano, kotero kuti ofukula zakale amapeza zochepa kwambiri. Zomwe tikudziwa za zipandezi zikuchokera makamaka m'mawu oloweza.

M'chaka cha 1975, ansembe a fuko la Nambudiri adachita mwambo wa Agnicayana kwa masiku 12 m'mudzi wa Panjal, m'chigawo cha Kerala. Adamanga guwa la njerwa looneka ngati mbalame, ndipo katswiri wa ku Netherlands, Frits Staal, adajambula mwambowo poganiza kuti mwina ndi womaliza. Pamapeto pake ansembewo adayatsa zisakasa zonse monga mwa lamulo. Mwambowu udachitikanso ku Panjal komweko mu 2011.

Bungwe la UNESCO lidalengeza mu 2003 kuti kalakatulidwe ka Veda ndi chuma cha anthu onse, koma lidachenjeza kuti mwa nthambi zoposa 1,000 za kalakatulidweka, 13 zokha ndizo zidatsala.