Mmene Munthu Amalandirira Mendulo ya Order of Ontario

Ku Canada, kuwonjezera pa ulemu wa dziko lonse wa Order of Canada womwe unayamba mu 1967, chigawo chilichonse chili ndi mendulo yakeyake yothokozera anthu ake. Alberta ndiye anayamba mu 1979, Quebec n'kutsatira mu 1984. Ontario anakhazikitsa yake mu 1986, woimira Mfumukazi m'chigawocho ali a Lincoln Alexander, munthu wakuda woyamba kukhala pa udindowu m'dziko la Canada.

Mendulo yakeyo inaumbidwa motengera duwa la trillium, loyera, la timasamba titatu, lomwe limamera lokha pansi pa mitengo m'nkhalango chisanu chikangotha. Duwali ndi chizindikiro cha Ontario kuyambira mu 1937. Pa mendulopo lili loyera ndi lobiriwira, m'mphepete mwake mwa golide. Pakati pali chishango cha chigawocho: mtanda wofiira wa St George pamwamba, m'munsi masamba atatu a mtengo wa maple. Chisoti chachifumu chakhala pamwamba pa zonsezi, kusonyeza kuti ulemuwu umaperekedwa m'dzina la Mfumu, osati la chipani cholamula. Amaipachika m'khosi ndi kansalu ka mizere yofiira, yoyera, yobiriwira ndi yagolide, koma masiku wamba munthu amangobaya kakang'ono pa jekete. Wolandirayo amaloledwanso kulemba O.Ont. kumapeto kwa dzina lake.

Chomwe chimandikoka mtima kwambiri ndi njira yosankhira. Dzina silichokera kwa nduna ayi. Munthu wamba, kaya ndi mphunzitsi kaya namwino, amatha kulemba kalata kufotokoza zimene mnzake wachitira anthu, n'kuphatikizapo makalata a mboni zomudziwa. Wodzisankha yekha saloledwa. Wandale amene akadali pa mpando, ngakhale atchuke chotani, ayenera kudikira mpaka atatula pansi udindo, ndipo oweruza milandu nawonso lamulo lake ndi lomweli. Apa m'pamene pagona mtengo wa menduloyi, chifukwa ulemu umene olamula amagawana okhaokha suchedwa kusukuluka.

Mayina onse amapita ku bungwe la alangizi lotsogoleredwa ndi mkulu wa oweruza wa Ontario. Momwemo muli sipikala wa nyumba ya malamulo, mlembi wamkulu wa nduna, ndi ena omwe analandira kale menduloyi. Iwowa akasefa, amapereka mayina opambana, ndipo woimira Mfumu, yemwenso ndi mkulu wa gulu la olandira ulemuwu, amawaveka pa mwambo wapadera.

Mwa amene anavekedwapo muli mlembi wa mabuku Margaret Atwood, woyimba Gordon Lightfoot ndi katswiri wa piyano Oscar Peterson. Koma m'ndandanda womwewo mupezanso madokotala, aphunzitsi ndi anthu ogwira ntchito zachifundo amene mayina awo sadziwika kunja kwa tawuni yawo. Amenewa amafika pamenepo pokhapokha wina wowaona tsiku ndi tsiku atakhala pansi n'kuwalembera kalata ija akadali moyo, pakuti dzina la munthu womwalira kale bungwelo sililandira.