Kuwedza Nsomba ya Bass ndi Nyambo Yonyenga

Madzulo ano tikambirana za kawedzedwe kena kosiyana ndi kathu. Ife tikafuna kupita kudambo ndi mbedza, timayamba takumba nyongolotsi kapena kugwira ziwala, ndipo chimene timafuna ndi ndiwo. Koma alipo anthu ambiri, makamaka ku America, amene amawedza opanda nyongolotsi, ndipo akakola nsomba amaiyesa pa sikelo ndi kuibwezanso m'madzi iri yamoyo. Kapena wina adzafunsa kuti, "Kodi anthu amenewa mitu yao iri bwino?" Inde iri bwino ndithu. Kwa iwo kuwedza ndi masewera monga mpira, ndipo nsomba imene amaikonda koposa zonse dzina lake ndi bass.

Makhalidwe a nsombayi

Kwao kwa bass ndi ku North America. Mitundu yake iripo ingapo, koma wotchuka ndi uja wa kukamwa kwakukulu. Nsombayi ndi yobiriwira pamsana, yoyera kumimba, ndipo iri ndi mzere wakuda m'nthiti. Imadya tinsomba, achule, nkhanu ndi chiri chonse chamoyo chimene chingalowe m'kamwa mwake.

Bass sithamangitsa chakudya mtunda wautali monga achitira mcheni posaka usipa. Iyo imabisala pa chitsa, m'mabango, pansi pa mtengo wogwera m'madzi kapena pa mthunzi wa mwala, ndi kudikira. Kanthu kakadutsa pafupi, imatumphuka ndi kukameza msanga isanaganize. Imaona bwino, ndiponso m'nthiti mwake muli mzere umene imamvera kugwedezeka kwa madzi ngakhale mumdima. Nthawi yoswana, yamphongo ndiyo imakonza chisa pamalo osaya ndi kulonda mazira, ndipo imaluma chiri chonse choyandikira ngakhale iribe njala. Kumbukirani makhalidwe amenewa, pakuti zipangizo zonse zimene nditi nditchule anazipanga poyang'ana umbombo ndi ukali wa nsombayi.

Ndodo, kagudumu ndi chingwe

Ndodo yowedzera bass imatalika mafiti 6 kapena 7. Kale ankaipanga ndi nsungwi kapena chitsulo, koma za masiku ano ndi zopepuka kwambiri, kotero kuti munthu akhoza kuponya tsiku lonse osatopa mkono. Pa ndodopo amamangapo kagudumu kokulungira chingwe. Kena kamakhala kunsi kwa ndodo, ndipo ndiko koyenera wophunzira. Kena kamakhala pamwamba, ndipo kamafuna kuti chala chachikulu chidziwe nchito yake; ukachedwa kugwira, chingwe chonse chimapiringizika, ndipo udzataya nthawi kumasula anzako alikukola nsomba.

Chingwe chofala ndi cha nailoni. Mphamvu yake amaiwerenga m'mapaundi. Pa madzi oyera pafunika chingwe chaching'ono kuti nsomba isachione, koma m'mabango ndi m'zitsa pafunika cholimba, chifukwa bass ikamva mbedza imathawira komweko ndi kudula chingwe.

Nyambo zinayi

Tsono tifike pa nyambo. Nyambo yonyenga ndi kanthu kamtengo, kachitsulo kapena kapulasitiki kokhala ndi mbedza, kamene mwini wake amakayendetsa m'madzi kuti kaoneke ngati kamoyo.

Yoyamba ndi yoyandama pamwamba, yofanana ndi chule kapena kansomba kovulala. Mmodzi wa anthu oyamba kugulitsa nyambo zamtengo zotere anali James Heddon, mlimi wa njuchi wa ku Dowagiac, m'dera la Michigan, amene anayamba malonda ake m'chaka cha 1902. Nyambo iyi imagwira bwino m'mamawa ndi madzulo, pamene madzi ali bata ndipo nsomba zayandikira kumtunda.

Yachiwiri ndi yomira, yokhala ndi mlomo kutsogolo. Mukamakoka chingwe, mlomowo umaimiza ndi kuigwedeza ngati kansomba kosambira. Mlomo ukatalika, nyambo imamiranso kwambiri. Msodzi wina wosauka wa ku Finland, Lauri Rapala, anaona kuti nsomba zazikulu zimasankha kansomba kopunduka pakati pa gulu. M'chaka cha 1936 anasema nyambo yake yoyamba ndi mpeni, naikuta ndi pepala lonyezimira, ndipo mpaka lero nyambo za dzina lake zirikugulitsidwa m'maiko ambiri.

Yachitatu amaitcha spinnerbait. Iri ndi tizitsulo tonga supuni timene timazungulira ndi kung'anima. Imathandiza pa madzi amatope kapena tsiku lamphepo, pamene nsomba siiona bwino koma imamva kugwedezeka.

Yachinayi ndi nyongolotsi yapulasitiki yofewa, imene Nick Creme wa ku Akron, m'dera la Ohio, anayamba kuiumba m'chaka cha 1949. Nsonga ya mbedza amaibisa m'thupi mwa nyongolotsiyo, kotero kuti imadutsa m'udzu ndi m'nthambi osakodwa. Amaiponya pafupi ndi chitsa, naileka kuti imire, kenaka amaikoka pang'ono pang'ono. Apa mpofunika mtima woleza, paja akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Wowedza amangomva kugogoda pang'ono pa ndodo, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yokoka mwamphamvu.

Nanga munthu asankhe iti? Lamulo lake ndi ili: yang'anani madzi musanatsegule bokosi. Madzi akayera, sankhani nyambo ya maonekedwe a tinsomba ta pamalopo. Akada, sankhani yaphokoso. Dzuwa likakwera, funani nsomba pozama ndi pa mthunzi. Kukazizira, yendetsani nyambo mosafulumira, pakuti nsomba nayo imachita ulesi. Munthu wa nyambo zitatu amene adziwa pogona nsomba amaposa wa nyambo 100 woponya chiponyeponye.

Mipikisano

Mipikisano yaikulu ya bass inayamba ndi munthu wina wogulitsa inshuwaransi, Ray Scott. M'mwezi wa June 1967 anaitana anthu ku nyanja ya Beaver Lake, m'dera la Arkansas. Anafika anthu 106, ndipo yense analipira madola 100. M'chaka cha 1968 anakhazikitsa bungwe la Bass Anglers Sportsman Society, ndipo mu 1971 bungweli linachititsa mpikisano woyamba wa Bassmaster Classic pa Lake Mead. Anapambana ndi Bobby Murray, nalandira madola 10,000.

Malamulo a mipikisano yambiri yotere ali chonchi. Maboti amanyamuka m'bandakucha ndi kubwerera pa ola loikika. Wochedwa amamchotsera kulemera pa nsomba zake. Nyambo yamoyo ndi yoletsedwa. Munthu aliyense amaloledwa kubweretsa nsomba 5 zokha pa tsiku, zosachepera msinkhu woikika. Akakola yachisanu ndi chimodzi yoposa zinazo, amamasula yaing'ono. Wopambana ndi amene nsomba zake zalemera koposa, osati amene wakola zambiri.

Poyamba nsomba zonse za mpikisano zinkafa, ndipo eni malo anayamba kudandaula kuti alendo alikutha nsomba zao. Chifukwa chake kuyambira m'chaka cha 1972 bungwe lija linalimbikitsa kubweza nsomba zamoyo. Maboti anayamba kukhala ndi thanki ya madzi oyenda yosungiramo nsomba, ndipo wobweretsa nsomba yakufa amalangidwa pa sikelo.

Pa nkhani ya kukula kwa nsomba, dzina limene onse amalidziwa ndi la George Perry, mnyamata mlimi wa ku Georgia. Pa 2 June 1932 anakola bass yolemera mapaundi 22 ndi maaunsi 4, ndiye kuti makilogalamu 10 ndi pang'ono. Iye sanali pa mpikisano. Inali nthawi ya umphawi, ndipo nsombayo anakadya ndi abale ake. Panapita zaka 77 popanda woifika, kufikira mu 2009 pamene Manabu Kurita anakola ina yolingana nayo pa nyanja ya Biwa ku Japan.

Mlendo wosusuka

Mwina mwadabwa kumva kuti nsomba ya ku America inakodwa ku Japan. Inafikako bwanji? Anainyamula ndi anthu okonda kuwedza. Inalowa ku Japan mu 1925, ku South Africa mu 1928, ndipo pambuyo pake inafika m'madamu a ku Zimbabwe, monga Mutirikwi, ndi m'madamu ena a kuno ku Malawi. Apa ndipo pagona chenjezo la nkhani yathu. Umbombo umene umakondweretsa wowedza ndi womwewo umene umatha nsomba za eni dziko.

Pa nyanja ya Biwa nsomba zachibadwidwe zinachepa kwambiri, kotero kuti mu 2003 akulu a boma a kumeneko analetsa kubweza bass m'madzi. Taonani kusiyana kwake: kwao ku America amati ibwezeni, kuchilendo akuti musaibweze. Ku Guatemala anaika bass m'nyanja ya Atitlán mu 1958 pofuna kukopa alendo. Inadya tinsomba ndi nkhanu zimene anthu a m'mbali mwa nyanjayo ankadalira, inadyanso anapiye a mbalame ina yam'madzi imene sinkapezeka kwina kuli konse. Panali zovuta zinanso, monga kudula mabango ndi chivomezi cha 1976 chimene chinatsitsa madzi, koma mapeto ake ndi akuti mbalame ija inatheratu.

Tsono taganizani za Nyanja ya Malawi. Muli mitundu ya nsomba mazana ambiri, mbuna, chambo, utaka ndi zina, ndipo yochuluka ya mitunduyi sipezeka kwina pa dziko lonse lapansi. Mabanja osawerengeka amadya ndi kuphunzitsa ana ndi nsomba zimenezi. Damu liri kumtunda limasefukira mumtsinje nthawi ya dzinja, ndipo mtsinje umatsikira kunyanja. Munthu mmodzi wonyamula tiana ta bass mu ndowa akhoza kuyambitsa chinthu chimene palibe angachibweze, pakuti madzi akatayika saoleka.

Chifukwa chake, ngati muli pafupi ndi damu limene muli kale bass, pemphani chilolezo kwa eni ake, yesani nyambo zimene tatchulazi, ndipo mudzakondwa, pakuti nsombayi imalimbana zolimba ndipo ndi ndiwo yabwino. Koma musachotse nsomba yamoyo m'madzi ena ndi kukaiika m'madzi ena. Amene afuna kuweta nsomba m'damu lake ayambe wafunsa alangizi a za usodzi a m'boma lake, ndipo iwo adzamuuza mtundu woyenera.